Anyezi Atatu Kunsi kwa Bedi

Amuna anga ankalemba zikwangwani. Mitu ya anthu ometa bwino imene munkaiona pa makoma a malo ometera ku Kawale kuno, ndi ng'ombe zonenepa za pa mabutchala, zambiri zinatuluka m'dzanja lawo lamanja. Dzanja lomwelo ndi limene linafa tsiku lina m'mawa mu Juni, akumwa tiyi. Kapu inagwa, pakamwa panapotoka, mawu n'kusowa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Tinakhalako masabata awiri, n'kubwerera kunyumba ndi munthu womva zonse koma wosatha kuyankha.

Achemwali awo aakulu, alamu anga, anabwera kuchokera ku Chiradzulu kudzandithandiza kudwazika. Ndisawanamizire, pa ntchito ndi mayi wolimba. Ankachapa zofunda, kutembenuza wodwala, kumupikula ngati mwana. Koma ine ndi iwo tinali mphaka ndi galu kuyambira tsiku la ukwati. Iwo ankati ndinatsekera mlongo wawo m'tauni moti anaiwala njira ya kwawo. Ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo mawu otere sindinkawameza.

Tsiku lina mu Julayi ndili panja ndikuchapa, alamu anaganiza zosesa kunsi kwa bedi lathu. Anatulutsako chitini chakale cha penti. M'chitinimo munali nsanza, ndipo m'nsanzamo munali tizinthu titatu tooneka ngati anyezi wouma, tokhala ndi mizu yoyera yofota. Anandiitana ndi mawu ozizira amene sindinawamvepo chikhalire.

"Alamu, izi n'chiyani?"

"Ndi maluwa," ndinatero.

"Maluwa amakhala kunsi kwa bedi la munthu wodwala, okulunga m'nsanza?"

Anali maluwadi. Chaka cham'mbuyo amuna anga anakalemba nambala pa geti la nyumba ina ku Area 47, ndipo anaonako maluwa ofiira aakuluakulu amene sanasiye kuwatchula. Atapitanso mu Epulo anapeza wosamalira maluwa wa kumeneko akukumba mbewu yake, ndipo anawagawira zitatu. Anawauza kuti azisunge pouma ndi pamdima mpaka chisanu chithe, kenako abzale m'zitini. M'nyumba ya zipinda ziwiri, pouma ndi pamdima ndi kunsi kwa bedi basi. Ine ndinangoseka pa tsikulo kuti anthu olemera amalima anyezi wosadyedwa, n'kuiwalako. Koma kunena chilungamo, ndikanapeza chitini chotere pansi pa bedi la munthu wina, nanenso ndikanaganiza zimene alamu anaganiza.

Ndinafotokoza zonsezi, iwo akungogwedeza mutu ngati akumva bodza la mwana. Magazi anawira. Ndinatola anyezi mmodzi n'kunena kuti ngati ndi mankhwala, ndife ine pomwepo aone, ndipo ndinamuika pakamwa. Ndisanalume, amuna anga anakuwa pabedipo, kukuwa koopsa kopanda mawu, n'kumenya mbale ya phala ndi dzanja lamanzere mpaka inagwa pansi. Iwo ankakumbukira zimene mkwiyo unandiiwalitsa, kuti anachenjezedwa zoti anyezi ameneyu asadzayandikire pakamwa chifukwa ndi wakupha. Alamu anangoti, "Mwamuona? Nayenso akudziwa," n'kutuluka ndi foni yawo.

Anaimbira amalume awo, mwini mbumba. Chigamulo chinabwera tsiku lomwelo: chisanu chikangotha, amalume adzabwera ndi galimoto kudzatenga mphwawo kuti akadwalire kwawo, kutali ndi manja anga. Sakanatha kumutenga nthawi yomweyo chifukwa galimoto yake inali yapamtetete, ndipo mphepo ya Julayi ikanamumalizira panjira. Ndinadziwa tanthauzo lake. Amuna anga akanasiya kupita kuchipatala kumene ankawaongola ziwalo Lachiwiri lililonse, ndipo ine ndikanatsala ku Kawale ndekha ndi dzina la mfiti. Nkhaniyo inali itafika kale pampopi. Amayi amene ndinkaseka nawo anayamba kusendeza zidebe zawo ndikafika.

Alamu ankafuna kutentha anyeziwo. Amene anawaletsa ndi bambo wina wachikulire woyandikana nafe, telala wachisilamu wa ku Mangochi, yemwe ankasokera pakhonde pake ndipo zonse anazimva. Anabwera tepi yoyezera ili m'khosi, n'kuwauza mofatsa kuti akatentha, adzakhala akukayika moyo wawo wonse. "Bzalani, Amayi. Chikamera tidzachiona tonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Alamu anavomera, koma anati zitinizo zikhale pawindo la pabalaza, pamene iwo ankagona, kuti ndisasinthanitse.

Tinaboola zitini zitatu ndi msomali, n'kuthiramo dothi losakaniza ndi mchenga. Amuna anga, atawakhazika pampando, ankalamulira ndi chala: khosi la anyezi lisakwiririke, madzi akhale ochepa. Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba mwathu munali anthu awiri odikira kuti chisanu chithe. Alamu ankadikira galimoto. Ine ndinkadikira duwa, ndipo sindinkadziwa kuti chidzayamba kufika n'chiti.

Masabata awiri anadutsa, zitini zili zii. M'mawa uliwonse ndinkasuzumira, alamu akundiyang'ana cham'mbali kwinaku akupinda mphasa. M'masiku amenewo amuna anga analoza thumba lawo la mabulashi. Ndinang'amba katoni ya sopo, n'kuwatsegulira penti wofiira wotsalira. Anagwira bulashi ndi dzanja lamanzere, limene moyo wawo wonse linali lothandizira kugwira makwerero. Chimene chinatuluka pa katonipo chinali chibanthu chofiira, penti akuyenderera m'munsi. Alamu anati tsopano munthu wayamba kujambula magazi. Ine ndinatulukira kuseri kwa nyumba n'kukalira, chifukwa munthu amene ankajambula diso la ng'ombe mpaka kuoneka ngati liphethira anali atalephera duwa.

Koma sanasiye. Tsiku lililonse dzuwa likalowa pawindo ankapempha katoni ina. Ndinayendayenda m'maokala kupempha makatoni mpaka anyamata ogulitsa ankandiseka kuti ndikusamuka. Pang'onopang'ono chibanthu chija chinamera phesi lobiriwira. Kenako chinagawika masamba asanu ndi limodzi, n'kuyasama ngati lipenga la asilikali. Katoni inkatereraterera pamiyendo pawo, choncho pankafunika munthu woigwira. Ine ndikapita kumsika, woigwira anali alamu. Ndinawapeza tsiku lina akukangana ndi munthu wosayankhula, akumuuza kuti tsamba la kumanzere lachepa.

Chitini choyamba ndinachiwononga ndine. Kudekha kwa telala kuja ine ndilibe. Alamu akapita kubafa ndinkathiramo madzi mobisa, poganiza kuti ndikufulumizitsa. Anyeziyo anawola n'kuyamba kununkha. Alamu anamutaya kudzala. Chachiwiri chinatulutsa masamba awiri aatali, basi, ngati chimanga chosabereka. Iwo anati ngakhale mizu ya asing'anga imaphuka masamba. Chinatsala chimodzi, ndipo ndinalumbira kuti sindichikhudza.

Ogasiti anabwera ndi mphepo yake ya fumbi. Mango anachita maluwa, majuzi anayamba kuvulidwa masana. Anthu onse ankasangalala kuti kwayamba kufunda, ine mtima uli m'mwamba. Cha kumapeto kwa mweziwo, pambali pa khosi la anyezi wachitatu panatuluka kansonga kobiriwira, konenepa, kosiyana ndi tsamba. Amuna anga atakaona anamenya mwendo wawo katatu. Kanakwera msanga, phesi lonenepa ngati chala chachikulu, mutu wake wotsekeka. Tsiku lina ndinaona kaudzu ka tsache katazikidwa m'chitinimo, kali ndi timizere ta makala. Sindinakaike ine. Alamu ankayeza phesilo m'mawa uliwonse.

Galimoto ndiyo inayamba kufika. Linali Loweruka la pakati pa Seputembala, jakaranda atayamba kuchita maluwa m'misewu, koma mutu wa duwa lathu unali usanatseguke. Amalume, bambo wamtali wosachulutsa mawu, anakhala pampando, ine pansi pafupi ndi chitseko. Anayang'ana chitini, anayang'ana makatoni amene anali atatsamira khoma lonse la pabalaza, oyamba onyansa aja mpaka omaliza. Anafunsa kuti wajambula ndani. Atauzidwa, anayang'ana dzanja lamanzere la mphwawo nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa alamu, popeza ndi iwo amene anaitana, n'kuwafunsa ngati katundu wa wodwala ali womanga.

Alamu anali kuthothola ulusi pa chitenje chawo. "Katundu womanga ndi wanga," anatero. "Uyu musiyeni. Lachiwiri ali ndi chipatala."

Amalume anafunsa za mankhwala aja. Alamu anayankha kuti akhala akugona nawo chipinda chimodzi miyezi iwiri ndipo sanadwale ngakhale chimfine. Zinathera pomwepo. Kupepesa sanapepese, ndipo ine sindinkakuyembekezera. Anangosankha katoni imodzi, imene tsamba lake la kumanzere analikonzetsa okha, n'kuikulunga m'chitenje. Galimoto itakhota pa ngodya ya telala, alamu ali momwemo, ndinabwerera pakhomo. Ndinakhala pansi pakhonde, fumbi lomwelo, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire Julayi ndinamva njala. Ndinadya mbatata zozizira zinayi ndili pomwepo.

Duwa linatseguka patapita masiku anayi. Linali lalikulu ngati mbale ya tiyi, ndipo linali loyera. Loyera mbee, lokhala ndi timizere tobiriwira mkati. Wosamalira maluwa uja anangotola pamulu wosakanikirana. Ndinayang'ana duwalo, ndinayang'ana makatoni ofiira psuu khoma lonse, n'kuyang'ana mwini wake. Mbali yamoyo ya pakamwa pawo inayamba kunjenjemera, ndipo tinaseka mpaka telala anaimitsa makina kudzaona ngati kwagwanso zina. Pansi pa kusekako ndinali ndi mantha pang'ono, poganiza kuti likanatseguka amalume ali pampando paja, ndikanayambira pati kufotokoza.

Ndinaganiza zobisa, koma mabodza anali atandikwana ngakhale amene sindinanene. Masana omwewo ndinawaimbira foni alamu n'kuwauza kuti latuluka.

"Lofiira ngati la pa katoni yangayi?"

"Ayi, Alamu. Loyera."

Mufonimo ndinkamva nkhuku za ku Chiradzulu.

"Mwamuna wanuyo mumugulire penti woyera," anatero. "Ndipo akajambula, munditumizire lenilenilo."