Kompyuta ya Mlongo Wanga Sinagone

Ndinadzuka kusanache, miyendo itauma pa mkeka. Amayi a kutchalitchi anali atachezera kuimba, mawu atasasa. Chifunga chinatsika kuchokera ku mapiri a Kaning'ina ndi kukuta Katoto yense. Nkhuni zinali zonyowa, moto wa tiyi unkangofuka utsi.

Tinkaika mlongo wanga, amene ankaphunzitsa za makompyuta ku yunivesite. Kutacha anthu anayamba kufika: a ku Lupaso wapansi, ophunzira pa basi, abale athu a ku Zomba atatopa ndi ulendo. Ena ankapepesa m'Chitumbuka, ena m'Chichewa.

Mwa iwo munali mayi wina amene ankagwira naye ntchito. Anagwada pafupi nane nandifotokozera zimene sindinkazidziwa. Mlongo wanga ankathandiza, mosalipidwa, kulemba pulogalamu yosungira zolembedwa, imene aliyense amaitenga mwaulere. Olemba ake ali m'maiko ambiri. Pulogalamuyo imamangidwa ndi chida chotchedwa kompaila, ndipo anzakewo ankafuna kusiya makompaila akale chifukwa ankawabweza m'mbuyo. Iye yekha ankakana, poganizira masukulu a kuno okhala ndi makompyuta okalamba. Kompyuta ya kuchipinda kwake ndiyo inkayesa makompaila akalewo tsiku lililonse, ndipo inali ikuyakabe.

Asanadwale, anatero mayiyo, anayendera masukuluwo, naona kuti ambiri asintha, nalemba yekha kuti nthawi yosiya yakwana. Anzakewo, atamva za maliro, anati sachotsa kanthu mpaka banja litazimitsa kompyutayo.

Amalume atamva anakaniratu zoizimitsa. Katundu wa malemu sakhudzidwa abale asanakhale pansi. Inenso mawu oti kusiya anandilasa, chifukwa ndi tsiku lomwelo mlamu wanga anayamba kutchedwa wamasiye. Ndinafunsa mayiyo ngati panalibe osiyidwa.

"Alipo, amama, masukulu awiri," anatero. "Sindikunamizani. Ndidzapitako ndekha."

Tinanyamuka masana, mvula ikuwaza. Bokosi linali pa lole, ife pambuyo, tikudutsa nyumba zatsopano za ophunzira pamene kale panali minda ya chimanga. Oyendetsa njinga za kabaza anaima navula zipewa. Kumanda dothi linali lofiira ndi lolemera. Mlaliki analankhula za mbewu imene siphuka isanafe, koma ine ndinkalingalira za m'busa wowerenga nkhosa zake pakhomo la khola. Mlongo wanga anawerenga kwa zaka zambiri, ndipo sanatseke khomo mpaka zitatsala pang'ono kukwana. Ndinapempha Ambuye kuti ziwiri zotsalazo zisaiwalike.

Madzulo anthu anabalalika, mabenchi anabwerera kutchalitchi. Mlamu wanga anaitana amalume ndi ine kuchipinda. Anati mwamuna wake sankasiya ntchito pakati, ndipo iyi anaimaliza yekha, kwatsala kungozimitsa kompyutayo kuti iweruke. Sakugawa katundu, anatero, palibe chimene chituluke m'nyumba. 

"Yambani mwapemphera," anatero amalume.

Ndinapemphera mwachidule. Mlamu wanga anadina batani, ndipo kamphepo ka m'kompyutamo, kamene tinali titakazolowera osakamvanso, kanaleka. Tinakhala atatu pa bedi, tikumva madontho akugwa kuchokera pa malata.