Mpango wa achemwali

Ndinadzuka kusanache, mvula ikuwazabe. Amuna amene anachezera pamoto anali atafunda matumba a feteleza, ndipo m'nyumba amayi a kwaya anali atasasa mawu. Ndinakakhala kumutu kwa achemwali anga, a Esinati.

Osambitsa maliro anali atawamanga mpango m'khosi kuti chipsera chisaoneke. Zinandiwawa, chifukwa mpango womwewo ndi umene unatipusitsa. Khosi litayamba kutupa, tonse tinati ndi chithokomiro wamba. Atachichotsa kuchipatala, anapeza kuti ndi khansa. Patapita miyezi, timibulu tinatuluka m'mbali mwa khosi, ife n'kumati ndi mwanabere, apola yekha. Adokotala anaunika, anakoka timadzi ndi singano, ndipo anati khansa yalowa mwa anaberewo, pafunika opaleshoni ina msanga. Koma inali nyengo ngati ino, tiyi ataphuka, ndipo achemwali anaopa kutaya malo awo ku esiteti. Anamanga mpango n'kupita kukathyola tiyi. Pamene ankabwerera kuchipatala, matenda anali atafika m'mapapo.

Kutacha anthu anayamba kufika, anzawo a ku esiteti pa thirakitala, abale a ku Milanje, kutsidya kwa malire, pa kabaza, matope mpaka m'mawondo. Nkhuni zonyowa zinkangofuka utsi. Pakati pa otunga madzi ndinaona Feliya, mwana wa malemu, amene analowa malo a mayi ake ku esiteti. Nayenso anali ndi mpango m'khosi, ndipo unali mwezi wachitatu ndikumuona nawo.

Amalume, amene anayenera kufotokoza za matenda, anandiitanira kuseri.

"Tingoti adwala nthawi yaitali. Zinazo n'zapabanja."

Ine ndine wamanyazi, koma ndinakana. "Amalume, mukanene zonse, ndi za tiyi zomwe. Alipo amene ayenera kumva."

Ataimirira pagulu, amalume anayamba mozungulira, kenako anatchula khansa, anabere, ndi opaleshoni imene inadikira tiyi. Amayi angapo a ku esiteti anazyolika. Asanakhome bokosi, ndinamasula mpango wa achemwali uja n'kuupinda.

Popita kumanda tinayenda m'mphepete mwa minda ya tiyi, phiri litabisala m'mitambo. Onyamula bokosi ankaterereka, nyimbo ikuduka n'kuyambanso. Dothi lofiira linkamatirira ku makasu, ndipo kukwirira kunachedwa.

Madzulo mabenchi anabwerera kutchalitchi, pabwalo panangotsala phulusa lonyowa. M'nyumba munali zii. Feliya anadzakhala pamphasa pafupi nane, anamasula mpango wake, n'kutenga zala zanga kuziika pansi pa khutu lake. Panali kachotupa konga nzama, kolimba, kosapweteka. Ndinachita mantha.

"Amayi aang'ono," anatero, "koma tiyi waphuka."

"Aphuke," ndinayankha. "Mawa tikwera minibasi yoyamba pa Chitakale kupita kuchipatala."

Ndinaika mipango iwiriyo m'sutikesi mwanga n'kutseka.