Mchenga m'Tizikho ta Injini

Ndinali ndi zaka ngati khumi ndi chimodzi. Ndikuti ngati chifukwa palibe amene analemba tsiku langa lobadwa. Tinkakhala pa esiteti ina ya tiyi cha ku Muloza, pamalo a mzungu. Makolo anga anachita kuwoloka kuchokera kwa Apwitikizi, ndipo lamulo la pamalopo aliyense ankalidziwa: munthu akachotsedwa ntchito, nyumba yake inkagwetsedwa, banja lake n'kusamuka. Ife kobwerera tinalibe.

Bambo anga, a Namakhwa, sankagwira khasu. Ankayang'anira injini. Injiniyo poyamba inali ya m'boti la pa Shire. Botilo litatha, anaikoka pangolo mpaka kuphiri kuno kuti iziyendetsa makina opotokola masamba a tiyi. Bambo ali mnyamata anagwirapo ntchito m'maboti amenewo, choncho panalibe wina woidziwa kuposa iwo.

M'mawa uliwonse ankachita zomwezomwezo. Ankachotsa zinyalala pasefa ya madzi oziziritsa, n'kukoka lamba kuti aone ngati wakhwefuka, n'kumanga mabawuti. Pomaliza ankathira mafuta m'tizikho tiwiri tamkuwa. Tizikhoto tinkadontheza mafuta pamalo pamene chitsulo chachikulu chozungulira chinkagona. Injini ikamayenda, ankakhudza pamalopo ndi kuseri kwa dzanja.

Ntchito yanga inali yotunga madzi ndi kupukuta ndi nsanza. Tsiku lina m'nyengo yadzinja, masamba atachuluka, bambo anapita kukakonza paipi kumtsinje injini isanalizidwe. Anandiuza kuti ndipukute tizikho. Tinali titada bii, nsanza osaphula kanthu. Ine ndinkadziwa mmene mayi ankayeretsera ziwiya kudambo. Ndinatimasula, n'kutikwecha ndi mchenga kunja ndi m'kati momwe, n'kutsukuluza, n'kubwezera. Tinawala. Kapitawo podutsa anaseka, nati mwana wa a Namakhwa wakonza makapu oti bwana amweremo tiyi. Ndinadzimva kuti ndine munthu. Bambo atabwera anayang'ana tizikhoto, n'kuthira mafuta, n'kuliza injini.

Dzuwa lisanafike pamutu anakhudza pachitsulo paja, n'kuchotsa dzanja msanga. Anakhudzanso. Kenaka anatapa kadontho ka mafuta ndi chala, n'kukaika pamano akutsogolo. Ndinamva kukukuta ndili chapatali, kapena ndinangoganiza kuti ndamva.

"Unakwecha ndi chiyani?"

"Mchenga, bambo."

 Anapita pa chogwirira chozimitsira. Kapitawo anathamanga n'kuwagwira mkono. Anawachonderera kuti masamba a tsiku lonse afota kale, akudikira makina, akagona awola. Anati aiyendetse mpaka madzulo, bwana sadziwa. Anawakumbutsanso za nyumba yathu ndi ana anayi. Bambo anayankha kuti ikayenda mpaka madzulo sidzayendanso. Anazimitsa.

Chete amene anagwa m'nyumba ya makina ija sindinamuiwale. Kunkangomveka mvula padenga lamalata ndi fungo la mafuta opserera.

Mzungu anabwera nkhope ili psuu. Kudzera mwa kapitawo anafunsa kuti wachita zimenezi ndani. Ine ndinali pambali pa mgolo wa madzi. Bambo anavula chipewa.

"Muwauze kuti injini ndi yanga. Tizikho ndinationa tikuwala, ine osafunsa."

Masiku awiri anaiphwasula. Chitsulo chilichonse anachitsuka ndi parafini, ndipo pamene mchenga unakanda anapala pang'onopang'ono mpaka kusalala. Ine ndinkawagwirira zitsulo. Masamba anawoladi, anthu n'kukawataya m'mbali mwa phiri. Kunyumba mayi anali atamanga kale mitolo, mphasa ndi miphika zili pakhomo. 

Tsiku lachitatu injini inalira bwinobwino. Masana kapitawo anabweretsa mawu. Nyumba sigwetsedwa, poti injini yapulumuka. Koma a Namakhwa asadzapondenso m'nyumba ya makina. Mawa atenge khasu, akapalire m'mizere ya tiyi.

Mayi anamasula mitolo. Bambo anapalira tiyi mpaka msana unapindika, injini ikulirira m'manja mwa munthu wina amene iwo omwe anamuphunzitsa. Nthawi zina ankaimika khasu n'kutchera khutu, kenaka n'kupitiriza. Sanandimenye. Ndikadakonda akadandimenya.

Sukulu ndinalekera panjira, koma ntchito ya injini ndaigwira moyo wanga wonse, za m'mafakitale ndi za m'maboti zomwe, ndipo palibe imene inafera m'manja mwanga. Zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti bambo ananama pamaso pa mzungu pofuna kundibisa. Ndinazindikira nditayamba kupatsidwa anyamata anga oti ndiwaphunzitse. Sananame. Anandiuza kuti ndipukute, koma sanandiuzepo chimene mchenga umachita ukalowa pakati pa zitsulo, ndipo ataona chachilendo sanafunse. Mlandu umenewo anauona kuti ndi wawo, ndipo anaunyamula wonse osagawirako mwana.

Anyamata a masiku ano amati ndine wovuta, chifukwa sindilola munthu kugwira sipanala ndisanamuuze chifukwa cha chilichonse, ndipo akamaliza ndimafunsa mmene wachitira. Anene zimene akufuna. Mtengo wa funso limodzi losafunsidwa ndinauona pamsana pa bambo anga.