Ndinafufuta Manambala Atatu

Ndinaona choonadi ndi maso angawa, koma ndinachifufuta ndekha chifukwa choopa kutsutsa munthu wamkulu. Inu owerenga, ndimvetsereni bwino.

Ndinabwera ku Dublin kudzachita digiri ya udokotala pa za magetsi a nyukiliya. Kuno kulibe malo opangira magetsi otere, choncho tinkalandira manambala sabata iliyonse kuchokera ku kampani ina ya kunja. Mafuta a nyukiliya amatsekeredwa m'timachubu tachitsulo, ndipo madzi amazungulira kuti tisatenthe kwambiri. Kachubu kakabooka, ngakhale kabowo kake katachepa ngati nsonga ya singano, cheza choopsa chimachuluka m'madzimo. Ntchito yanga inali kuyang'anira manambala a madziwo.

Lachiwiri lina manambala atatu anakwera modabwitsa. Ndinakawaonetsa aphunzitsi ondiyang'anira, bambo aimvi amene anandipezera malo pa yunivesite. Anangoponyapo diso uku akuvala jekete, n'kunena kuti mwina makina oyezera asokonekera. Iwo anangoti mwina. Koma ine, woleredwa kuti wamkulu sabwezeredwa mawu, ndinamva ngati lamulo. Ndinachotsa manambala atatuwo m'lipoti lopita ku kampani, lipoti n'kuoneka loyera bwino.

Patatha milungu isanu, kampani ija inalemba kuti yapeza kachubu kobooka, n'kufunsa chifukwa chimene sitinaichenjezere. Mwamwayi palibe anavulala. Aphunzitsi atayerekeza manambala a kampani ndi a m'lipoti langa, sanakalipe. Anangondifunsa modekha kuti bwanji sindinabwererenso kudzawaumirira. Nkhaniyo inafika kwa akuluakulu a yunivesite.

Pano ndaimitsidwa sukulu mpaka komiti yawo igamule, ndipo chilolezo changa chokhalira m'dziko muno chimadalira sukuluyo. Sindingapite patsogolo, kubwerera kwathu ndikuchita manyazi. M'mawa uliwonse ndimakwerabe basi ku Finglas komwe ndimakhala, chikwama kumsana, kuti Alinafe, mnzanga wokhala naye nyumba imodzi, asadziwe. Ndimakakhala pabenchi yakumbuyo m'tchalitchi ku Drumcondra mpaka nthawi yoweruka. Amayi akaimba kuchokera ku Dedza amafunsa kuti, "Adokotala athu, graduation ndi liti?" Ine ndimati netiweki ikuvuta.

Inu owerenga, makamaka ophunzira anzanga, ulemu si kukhala chete pamene mwaona chinthu chikudontha. Bwererani mukagogodenso. Ndikanatero, bwenzi bambo aja akundinyadira lero. Ine kufufuta manambala atatu kunangonditengera kamphindi, ndipo Lachisanu likubwerali komiti ikhala pansi kukambirana zofufuta dzina langa.