A Chisale Ogwadira Udzu

Mukanafunsa ku Kitwe m'chaka cha 1966 kuti Kingsford Chisale ndi ndani, akanakuuzani kuti ndi kalaliki wa ku mgodi, Mnyasa wamtali wa ku Mvera, wovala tayi ngakhale Loweruka. Kenako akanaseka n'kuwonjezera kuti, "Aja ogwadira udzu aja."

Ndipo sikunali kuwanamizira ayi. Ufulu utabwera a Chisale anakwezedwa pantchito, nasamuka ku Chamboli kukalowa nyumba ya ku Nkana West. Mzungu amene ankatulukamo anawagulitsa kamera ya maso awiri, lapamwamba loyang'anira, lapansi lojambulira. Anawapatsanso kagalasi kovekera padiso lapansilo, kojambulira tinthu ting'onoting'ono pafupi. Kagalasi kameneka ndi komwe kanawazunguza mutu bambo aja. Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, woimba besi m'kwaya, unkawapeza ali chafufumimba pabwalo, tayi ataponyera kumsana, akuyeza ndi rula kuchokera pakamera kufika paduwa la chisoso. Chisoso chenichenicho, chomata m'masokosi chija!

Anansi ankabwera atatchena, n'kupempha mwaulemu m'chinenero cha kumeneko. "Ba Chisale, tijambuleniko mukwai." Iwo ankangopukusa mutu. Filimu inkatenga zithunzi thwelofu zokha, ndipo ankati nkhope ya munthu aliyense amaiona ulele pamsewu, koma m'kati mwa duwa la therere ndani anasuzumiramo?

Mdani wawo anali mphepo. Duwa likangogwedera pang'ono, chithunzi chafa. Ndiye ntchito yogwira tsinde inagwera akazi awo, a Lorna.

"Gwirani apa, amake Maud. Musapume."

"Ndisapume? Ndifere ndiwo ine?"

Ankadandaula, koma ankagwira. Mumtima anali ndi lawo dandaulo. Zaka khumi ndi chimodzi zinali zitatha asanaonane ndi amayi awo ku Mvera, ndipo kalata iliyonse inkanena zomwezo: maso akuchita khungu, tumizani chithunzi ndimuone mwana wanga asanatsekeretu. A Chisale yankho lawo linali la mawa. Mawa duwa la denje latsegula, mkuja la luni, filimu n'kutha.

Tsiku lina achimwene a a Lorna, a Nehemiah ogwira ntchito pansi pa mgodi, anabwera kudzatsazika kuti Loweruka la sabata yotsatirayo akupita kumudzi kutchuthi. A Lorna sanapemphenso. Anangofunsa kuti mufilimu mwatsala zingati.

"Chimodzi," anatero a Chisale.

"Chimenecho n'changa."

Lamulungu pochokera kutchalitchi anaima pakhonde atavala bulauzi yoyera ya chigwirizano ndi duku lositidwa kawiri. A Chisale anawerenga mapazi asanu chafutambuyo, nasuzumira m'diso lapamwamba. Mkazi anaoneka bwinobwino, wokongola moti iwo omwe anadabwa kuti ankatayiranji nthawi ndi chisoso. Anadina, khethe! Lolemba anakasiya filimu kusitolo yotsuka zithunzi m'tauni.

Lachisanu madzulo anakatenga. Anatsegula envulopu ali chiimire pakhonde la sitolo. Maluwa khumi ndi limodzi, ngwee, mpaka fumbi lachikasu la m'kati likuwerengeka. Chomaliza chija, mayo ine! Kamtambo koyera kovala duku. Panalibe diso, panalibe mphuno. Kagalasi kaja anaiwala kukavula, ndipo diso lapamwamba silikanawauza. Basi ya a Nehemiah inali kunyamuka mawa lake sikisi koloko m'mawa.

Njinga anaikankha mpaka kunyumba. A Lorna anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, ndipo a Chisale akanakonda akanatukwanidwa. Misozi itatsika, mayiyo anabweza zonse mu envulopu n'kuwapatsa achimwene awo, amene anali atabwera kudzatenga chithunzicho.

"Tengani, achimwene. Mukawauze amayi kuti akamwini awo anakwatira maluwa."

Mwezi wonse kamera inagona pamwamba pa kabati. A Chisale anachita manyazi enieni, oti ngakhale besi m'kwaya inkatuluka yopyapyala. Anajambulitsa akazi awo ku situdiyo kuti adzatumize chithunzicho papositi, koma a Lorna anati nkhope yaing'ono ngati nyemba amayi adzaiona ndi maso ati? Sichinatumizidwe.

A Nehemiah atabwerako anafikira ku Nkana West ndi thumba la mtedza. Anamwa tiyi kaye makapu awiri, dala, alamu awo akutuluka thukuta.

"Zithunzi zija ndinawapatsa amayi," anayamba. "Ankangotembenuza, akuti sakuona kanthu. Atafika pa cha luni chija, cha duwa la ndevu, anachibweretsa pafupi ndi mphuno. Kodi alamu munaona kuti zala za mlongo wanga zinalowamo? Chala chachikulu chatuluka ngati chinangwa."

A Chisale anali asanazindikire n'komwe. Iwo ankaona duwa basi.

"Amayi anakuwa kuti, 'Uyu ndi Lorna!' Anaona chipsera. Akuti chikwakwa chimenecho, kudimba, ali kamtsikana, ndipo anammanga okha ndi nsanza ya chitenje chawo. Anachisisita chithunzicho mpaka dzuwa kupendeka. Pano chili m'Baibulo, aliyense wobwera amamuonetsa."

A Lorna anayang'ana chala chawo, nachibisa m'chitenje.

"Anandituma mawu awiri," anapitiriza a Nehemiah. "Akuti chala chanenepa, ndiye kuti akamwini akusunga bwino. Koma akuti kodi mwana amene anamlera iwo angasiye luni mpaka kuchita maluwa osathyola? Kukopala, ku migodi kuno, kwamupusitsa."

A Lorna anaphulika kuseka, kuseka kuja n'kusanduka kulira, mpaka a Nehemiah anatulukira panja kukayang'ana njinga yomwe inalibe vuto lililonse.

A Chisale anagwadirabe udzu zaka zonse zimene anakhala ku Kitwe, ndipo anansi sanasiye kuwaseka. Koma Loweruka lotsatiralo ndi a Lorna amene anatsitsa kamera pakabati. Anagwada okha pafupi ndi duwa la dzungu, nagwira tsinde.

"Yezani bwino ndi rula wanuyo, abambo a Maud," anatero. "Duwa kaya lifa, zanu zimenezo. Chala chioneke."