Liwu Limene Ndinalemba pa Fomu ya Epulo

Ndinali mphunzitsi wamkulu pa kasukulu kena m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, kumene basi inkafika dalaivala akadzuka bwino. Tinalipo aphunzitsi asanu. Ntchito imene inkanditopetsa kuposa choko inali fomu ya mwezi ndi mwezi yopita ku ofesi yathu ku boma. Inali ya Chingerezi. Pambali pa dzina la mphunzitsi aliyense panali kabokosi, ndipo m'menemo ndinkalemba *present*, kutanthauza kuti munthuyo alipo, akugwira ntchito. Ndinalemba liwu limeneli zaka zambiri osaliganizira n'komwe.

Tsiku lina mu Januwale, ana atangolowa m'makalasi, pasukulu panaima galimoto. Munatsika amuna atatu, nalowa mu Sitandade 7, natuluka ndi mphunzitsi wa kalasiyo. Sananene kumene ankapita naye, ifenso sitinafunse. Masiku amenewo wofunsa ankakwera galimoto yomweyo. Ena ankati analankhula mosasamala pamaliro, ena ankati wina wansanje anakamunenera. Mpaka lero sindidziwa.

Mnzathuyo anasiya mkazi ndi ana atatu m'nyumba ya sukulu. Pasukulupo nyumba ya mphunzitsi inkayenda ndi munda wa kuseri kwake. Komiti inagamula choncho kalekale: wolowa m'nyumba ndiye mwini munda. Mayiyo anali atadzala ndi mvula yoyamba, atapalira, atabandira, ndipo chimanga chinali chitafika m'chiuno. Kukolola kunali mu Meyi. Ndinkadziwa kuti fomu ikapanda kuonetsa kuti malo a mwamuna wake ali pululu, ofesi situmiza mphunzitsi wina, ndipo iye akhalabe m'nyumbamo mpaka chimanga chiume.

Mwezi utatha ndinakhala pansi ndi fomuyo pamodzi ndi dikishonale ya sukulu, yothothoka chikuto. Ine amene ndinkakalipira ana kuti Chingerezi n'chosavuta, ndinatuluka thukuta ndi kabokosi kosakwana chala. *Detained*, kutsekeredwa ndi boma, ndilo linali loona, koma munthu wofuna kuona ana ake akukula sankalemba liwu limenelo. *Missing* linkamveka lofatsa, komatu wosowa amafunidwa, ndiye akanandifunsa kuti ndakanena kuti. *Transferred* linkafuna nambala ya kalata yomusamutsa. *On leave* linkafuna dzina la amene anamupatsa tchuthicho, ndiye kuti khosi langa. Ndinasankha *absent*. Limeneli silinena zambiri: munthu palibe, basi, mwina abwera mawa.

Febuluwale ndinalemba lomwelo. Malichi lomwelonso. Kalasi yake ndinkaiphunzitsa pamodzi ndi yanga, ana odzaza mpaka pakhomo, ndipo pofika masana mawu ankakhala atanditha. Poweruka ndinkadutsira kuseri kwa nyumba ija kukaona chimanga. Chinamasula, chinabereka, ndevu zinayamba kuda. Pakhomo penipenipo sindinkafika. Palibe amene ankafikapo, ngakhale mkazi wanga mchere ankaperekera pampanda. Komabe mumtima ndinkadzitama kuti ndine munthu wabwino, ndikuteteza banja ndi liwu limodzi.

Kuchiyambi kwa Epulo anandiitana ku boma. Ndinapalasa njinga zitunda zonse zija, ndipo ndinapeza kalaliki wa ofesiyo, bambo wa imvi, atayala mafomu anga atatu patebulo.

“Aphunzitsi,” anatero, “*absent* ndi wa masiku, si wa miyezi itatu. Munthu akajomba chonchi osatsanzika, Chingerezi chili ndi liwu lake.” Analemba pakapepala *absconded*, nandikankhira.

“Koma bambo, limenelo ndi la munthu wothawa yekha mozemba, ngati wakuba. Ameneyu sanathawe.”

“Tanthauzo ndikulidziwa, kusukulu ndinapitako inenso. Kapena mukufuna kulemba loona lija? Cholembera nachi.”

“Tadikirani mpaka Meyi chabe. Pali mayi ndi ana, chimanga chawo chisanaume.”

“Akuluakulu afunsa kale kawiri kuti hedimasitala ameneyu akubisa chiyani. Kachitatu sadzafunsa ine ayi.”

Sanali munthu woipa. Anali wotopa ngati ine ndemwe, ndipo anayang'ana pazenera kuti ndilembe asakuona. Ndinali ndi ana asanu ndi mmodzi. Ndinalemba liwulo, ndinasaina, ndinakwera njinga yanga. Ndinachita manyazi njira yonse.

Patatha masabata awiri mphunzitsi watsopano anafika kuchokera cha ku Mvera, ndi mkazi, ana ndi nkhuku zake. Za munda anakana, anati mayiyo athyole chimanga chake, iye sangadye thukuta la mnzake. Koma nyumba inkafunika, ndipo m'mudzi monse munalibe wolimba mtima kusunga mkazi wa munthu wotengedwa ndi galimoto, ngakhale kwa masabata atatu okha. Kwawo kwa mayiyo kunali cha ku Dzoole, kutali kosatheka kubwereranso. Choncho anakolola chosauma, njere zikulowa chikhadabo. Aliyense amene analimapo ankadziwa kuti chimenecho sichichedwa kuchita chuku. Mwini sitolo ya pamsika, bambo wachisilamu amene sankalankhulalankhula, anapereka ngolo yake osafunsa kanthu.

Tsiku lonyamuka ndinalimba mtima n'kupita kukathandiza kukweza matumba. Anali olemera ndi chinyezi, ofunda m'kati. Mayiyo anandiyang'ana.

“Ahedi, ndamva kuti munalemba za bambo akwathu papepala la boma. Munalemba kuti chiyani?”

Ndikanatha kungotchula Chingerezicho, iye osamva, nkhani n'kutha. Koma mphamvu zozungulira zinali zitandithera.

“Ndinalemba kuti anathawa ntchito, mayi.”

“Anathawa? Si inu munathamangira kuno kudzatenga jekete lawo, muli kuti mwina kumene akupitako kukuzizira?”

“Ndine.”

Ndinayamba kumufotokozera kuti poyamba ndinkalemba liwu lina, lofatsa, kwa miyezi itatu yathunthu, n'cholinga choti akolole. Ndinkafuna andithokoze, ndisaname. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, akumanga mwana kumbuyo.

“Miyezi itatu mukudziwa kuti tidzatuluka ndithu, osandiuza,” anatero. “Mukanandiuza mu Januwale ndikanapita kwathu mvula ikadalipo, ndikanakaoka mbatata. Tsopano kuno ndataya, kwathunso ndilibe munda. Anawa adya chiyani?”

Sanakweze mawu. Anakweza ana pamwamba pa matumba, ng'ombe zinanyamuka, iye n'kumatsatira pambuyo wapansi. Ine ndinali nditasanthula dikishonale yonse, koma sindinaganizeko zoyenda mapazi makumi awiri kukamufunsa mwiniwake chimene ankafuna.