Tsiku Limene Ndinadikira aNyirenda Kumenya Mpira

Ndikukumbukira Loweruka lina ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, mvula itayamba kudukiza, udzu utatalika kufika m'chiuno. Ndikati ndifotokoze za tsikuli mtima umathamanga ngati ndikadali panjira ija, ndiye mundipirire mawu akamapanikizana.

Kwathu ndi kumunsi kwa phiri la Michesi. Masiku amenewo, kuseri kwa nyumba za anthu ogwira ntchito m'boma kunali kabwalo ka gofu. Musaganize za mabwalo obiriwira amene amaonetsa pa kanema. Kathu kanali dambo lotchetchedwa ndi zikwakwa, mbuzi zikudya m'mbali, maenje asanu ndi anayi basi. Pozungulira dzenje lililonse panalibe kapinga, panali mchenga wosakaniza ndi oyilo wakutha wa galimoto, wakuda bii, wonunkha dzuwa likawomba. Osewera anali anthu obwera, a m'maofesi, a ku mishoni ndi aphunzitsi akuluakulu. Ife eni dera tinkatchetcha ndi kunyamula zikwama.

Ababa anga, aMukhuna, ankalima mkati mwa sabata, Loweruka n'kupalasa njinga kukanyamula chikwama cha ndodo za aNyirenda. ANyirenda anali mkulu wa ku mpoto amene anagwira ntchito ya zamaphunziro kwathu kuno mpaka kupuma, osabwereranso kwawo. Anadwalapo sitiroko. Mwendo wamanzere ankachita kuukoka, dzanja likunjenjemera. Akuti adokotala anawauza kuti aziyendayenda, ndiye gofuyo anali mankhwala awo.

Koma kuchedwa kwake, abale! Akafika pampira ankayamba apukuta dzanja ndi kampango. Kenako kukonza mwendo wodwala uja ndi manja kuti uime bwino. Kenako kuyeserera kumenya katatu. Kenako kuwerama, n'kukhala chowerama choncho ngati akupemphera, kudikira dzanja lisiye kunjenjemera. Akamenya, kampira kaja kankangopita apa. Anzawo anatopa nawo, mpaka ankasewera okha ndi ababa.

Ababa anali ndi njira zawo zochepetsera kuchedwako. Ankawayambitsa m'mawa ena asanafike. Ndodo yofunika ankaitulutsiratu m'chikwama akuyenda. Akayandikira dzenje ankathamangira kutsogolo kukasalaza mchenga ndi chitsulo chokoka, chifukwa pamchenga paja mpira sunkayenda usanaukonzere kanjira. Ndipo gulu la m'mbuyo likawapeza, ababa ankavula chipewa n'kuchigwedeza m'mwamba. Pamenepo ndiye kuti dutsani. Iwo ndi aNyirenda ankapatuka, n'kuima duu, osalankhula, mpaka onse a m'mbuyo atamenya n'kudutsa.

Amene ankadandaula kwambiri anali aChimwaza, bambo wachinyamata wa ku ofesi ya zaulimi, wa pikapu yoyera. Ameneyo ankayenda ngati wasiya madzi pamoto. Tsiku lina ndinapititsa chinangwa chophika kwa ababa, ndipo nditaona mbuzi yathu ikulowa m'bwalo ndinaikuwiza, osadziwa kuti aChimwaza akweza ndodo. Mpira wawo unakagwa m'chimanga. Anawakalipira ababa pamaso pa anthu ngati mwana. Kunyumba ababa anandikwapula ndi kamtengo ka pichesi, n'kundigwira khutu.

"Tamvera, Esinati. Pabwalo paja munthu akawerama pampira, iwe ndiwe mtengo. Mtengo sulankhula, suthamanga, sudutsa kutsogolo kwa munthu. Ndikakweza dzanja chonchi, ngakhale linthumbu likulume, khala chete. Wamva?"

Ndinamva. Ndinamvetsa kuposa mmene ankafunira.

Mlongo wanga Fanuwelo anali ndi zaka ziwiri. Thupi linayamba kumutentha Lachinayi, amayi n'kumugulira mankhwala pa okala. Loweruka m'mawa anamwa phala pang'ono, anasekako, ndiye ababa anati wayamba kupeza bwino, n'kutenga njinga kupita kubwalo. Njinga inali imodzi yomweyo pakhomo pathu, ndipo oyandikana nafe onse anali atapita kumsika ndi zawo.

Dzuwa litakwera ndinali kuseri kutsuka mbale, ndinangomva amayi akukuwa. Nditalowa ndinapeza Fanuwelo ali m'manja mwawo, wauma gwaa, maso atatembenuka kungooneka koyera, timanja tikuphupha, thovu kukamwa.

"Esinati, thamanga! Kawauze abambo ako abwere ndi njinga. Mwana akuphupha. Thamanga, usaime!"

Ndinathamanga. Ndinadutsa m'munda mwa chimanga masamba akundicheka kumaso, ndinawoloka kamtsinje osakwinya diresi, chitsa chinandibaya kuphazi koma sindinamve. Panjira ponse ndinkabwereza mawu aja kuti asandithawe: mwana akuphupha, abwere ndi njinga, mwana akuphupha, abwere ndi njinga.

Ndinawapeza pa dzenje lachisanu, poyambira pake, pansi pa mtengo wa mango. Ndinatulukira m'tchire mawu ali kale pakamwa. ANyirenda anali atawerama pampira. Ababa anandiona ndi kumbali kwa diso, anaganiza kuti ndabweretsa chinangwa monga masiku onse, ndipo anakweza dzanja.

Ndinaima. Mawu aja ndinawameza.

Ndinati mumtima, angomenya kamodzi, ndilankhula. Koma dzanja la aNyirenda linakana kukhazikika. Anaweramuka, kupukuta, kukonza mwendo, kuyeserera katatu, kuweramanso. Atamenya, mpira unakhotera kumanja, kukalowa mu udzu wautali tsidya lina la bwalo. Ababa, pofuna kuti asautaye ndi maso, anachoka ndi liwiro chikwama chili kumsana, osacheuka. Kuti ndiwapeze ndinafunika kudutsa pakati pa bwalo. Mtengo sudutsa. Ndinazungulira m'mbali, m'minga, ndikulira chamumtima.

Ndisanafike, kumbuyo kunamveka mawu a aChimwaza. Gulu lawo la anthu anayi linali litafika pamango paja.

"Madala! Tigona pompano kodi? Ena tili ndi ana akutidikira kunyumba!"

Anzawo anaseka. Ababa anavula chipewa n'kuchigwedeza. Ndinaona chipewa chija chikukwera, ndipo ndinkadziwa tanthauzo lake. Anthu anayi, mmodzimmodzi, aliyense awerame, aliyense amenye, ife tonse tili chiimire. Ndinabisala kuseri kwa chulu monga anandiphunzitsira, timipira tikulira fyuu pamwamba. Woyamba. Wachiwiri. Wachitatu anaphonya n'kuyambiranso. Ababa anali apo, mtunda woti ndikanaitana mopanda kukuwa n'komwe akanamva. Pakamwa ndinkatsegula, koma nthawi iliyonse pankakhala munthu wowerama.

Anthu amandifunsa ndikawauza nkhaniyi: "Iwe, sunaganize kuti mwana ndi wofunika kuposa mpira?" Ndinkadziwa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, sindinali chitsiru. Koma amayi anati thamanga, ababa anati khala chete, ndipo ababa ndi amene anali pamaso panga, dzanja lili m'mwamba. Ndinkangoti katsala pang'ono, katsala pang'ono. Pang'ono pajapo panakhala dzenje lathunthu.

Gulu lija litadutsa, aNyirenda anamenya kawiri kuti atuluke mu udzu, ababa n'kuthamangiranso kutsogolo kukasalaza mchenga. Ndinawafika pafupi tsopano, m'mphepete mwa mchenga wakuda uja. Ndinati "Aba..." koma aNyirenda anali atawerama kale kuti alowetse mpira m'dzenje. Dzanja la ababa linakwera, nkhope atakwinya.

Anandipulumutsa ndi aNyirenda omwewo. Poti ankakhalitsa chowerama, ankaona zimene othamanga saona. Chithunzithunzi changa chinagwera pamchenga pafupi ndi mpira wawo, ndipo chinkanjenjemera. Anachiyang'ana, anatsata ndi maso mpaka kuphazi kwanga, n'kuweramuka pang'onopang'ono.

"AMukhuna, mwana wanuyu bwanji? Taonani phazi likutuluka magazi. Mwanawe, chachitika n'chiyani?"

Ndinayang'ana dzanja la ababa. Litatsika m'pamene mawu anatuluka, onse pakamodzi.

"Fanuwelo akuphupha, amayi akuti mubwere ndi njinga, maso atembenuka."

Chitsulo chija chinagwa m'manja mwa ababa.

"Mawu amenewa unali nawo kuyambira liti?"

"Muli pamango paja."

Ababa anacheukira kumango, kutali uko, n'kugwira mutu ndi manja onse awiri. Anayamba kuthamangira kumene anasiya njinga, koyambira bwalo.

"AMukhuna, njinga ayi!" anatero aNyirenda. Anatembenukira kwa gulu lija, limene linali poyambira dzenje lotsatira. AChimwaza anali atakweza ndodo m'mwamba, anzawo ali zii. Ndipo mkulu uja, amene sindinamumvepo akukweza mawu, amene ankatsata malamulo a gofu ngati a tchalitchi, anakuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka.

"Chimwaza! Siya mpirawo! Bweretsa galimoto!"

Mpira wa aChimwaza unangogubuduka pambali. Anatembenuka atakwiya, pakamwa potsegula kuti atukwane.

"Mwana wa aMukhuna akufa! Galimoto, iwe!"

Sindinaonepo munthu wamkulu akuthamanga choncho. Ndodo anaitaya mu udzu. Posakhalitsa pikapu yoyera ija inabwera chodutsa pakati pa bwalo, pamene ngakhale mbuzi sinkaloledwa, matayala akukumba udzu umene ababa ankatchetcha. Ababa anandiponya kumbuyo n'kudumphira. Tikuchoka ndinacheuka. ANyirenda anatsala okha pamchenga paja, ndodo ili m'manja, chikwama chimene sakanatha kunyamula chili pansi, akutikankha ndi dzanja lawo lonjenjemera kuti pitani, pitani.

Msewu sufika pakhomo pathu. Ababa anatsika pamlatho n'kuthamanga, ndipo anakumana ndi amayi panjira, atabereka kale mwana, opanda nsapato, akubwera wapansi chifukwa anatopa kudikira. Kuchipatala anati ndi malungo olowa mu ubongo. Anamuika dilipi. Masiku atatu Fanuwelo sanatsegule maso. Tsiku lachinayi lake anadzuka n'kupempha madzi. Anachira, koma khutu lamanzere silinamvenso mpaka lero.

Ndinamva anesi akuuza amayi kuti mukanachedwa pang'ono tikanakamba zina. Amayi anathokoza Mulungu. Ine ndinamva mbali inayo: nanga tikanafulumira pang'ono? Funso limenelo palibe amene anandiyankha, ndipo sindinalifunse.

Masiku onsewo ndinkadikira chikwapu. Tsiku limene Fanuwelo anadzuka, masana, ababa anandiitana pakhonde la chipatala. Anali akusenda nzimbe. Ndinakhala patali. Anandiuza ndisendere, n'kundipatsa kachidutswa.

"Phazi lili bwanji?"

"Likupola."

Ababa anaika mpeni pansi.

"Wolakwa ndine, mayi. Ndinakupatsa lamulo theka. Ndinakuphunzitsa poyambira kukhala chete, sindinakuuze pothera pake. Dzanja lija ndinalikweza kawiri, osakuyang'ana kumaso ngakhale kamodzi." Anandiyang'ana m'maso. "Kuyambira lero, ukakhala ndi mawu a moyo wa munthu, kuwa. Kaya ndi bwana, kaya ndi abusa ali pa guwa, kaya ndine. Akakwiya, akwiyire ine."

Aka kanali koyamba kumva munthu wamkulu akupepesa kwa mwana.

Ababa anabwerera kubwalo Loweruka lotsatira. ANyirenda sanasinthe, ankachedwabe chimodzimodzi mpaka miyendo inawakaniratu. Koma akuti aChimwaza sanawanyozenso. Akawapeza ankangokhala pansi pa mthunzi, kudikira.

Sukulu ndinalekera sitandade seveni, ndipo tsopano ndili ndi mwana wanga wa miyezi isanu ndi itatu. Ndine mayi wamantha, sindibisa. Ndimamugwira pamphumi kambirimbiri patsiku, akagona ndimaika khutu pachifuwa. Mwezi watha thupi linamutentha, ndinamutengera kuchipatala chaching'ono cha kwathu, ndinapeza mzere wafika panja. Aliyense anali chete, kudikira nthawi yake, monga mmene timachitira ife anthu a kumudzi pamaso pa ovala zoyera. Ndinakhala pabenchi. Kenako ndinamva kamwendo kake kakuuma kumsana kwanga.

Thupi langa lonse linkafuna kuti ndidikire, katsala pang'ono. Ndinaimirira, ndinadutsa anthu onse, ndinatsegula chitseko osagogoda adokotala ali pakati polankhula ndi munthu wina. Kumbuyo wina anati, "Mtsikana wamwano uyu, ife tabwera mbandakucha." Sindimuda, nayenso anali ndi wodwala wake. Adokotala anakweza maso atakwinya nkhope, ndipo ine ndinati, "Pepani, mwana wanga akuuma." Anaimirira pomwepo.

Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti ulemu ndi mantha zimafanana nkhope, ndipo mwana sangathe kuzisiyanitsa ngati wamkulu sanamuuze. Kudikira munthu wochedwa n'kwabwino, ababa anadikira aNyirenda zaka zambiri ndipo sindinawamve akudandaula. Koma pali mawu ena osadikira mzere. Mantha sanandichoke, ndipo sindikhulupirira kuti adzandichoka. Ndinangophunzira kulankhula ndikunjenjemera. Mwana wanga anatuluka m'chipatala patapita masiku awiri, ndipo ndikamuitana chapansipansi, kaya ndili kumanja kwake kaya kumanzere, amatembenuka.